Chitsime cha Kumunsi kwa Damu

Ntchito yanga pa damu la nsomba inali yoviika mkono m'madzi. Adzukulu anga akamva amaseka, amati imeneyonso n'kukhala ntchito? Inali ntchito, ndipo m'mudzi mwathu monse, kumapiri a ku Dowa kuno, panalibe mayi woidziwa kuposa ine. Ndikaganiza lero ndimati bwenzi ndikanangokhala mbuli pa ntchitoyo.

Damulo tinakumba tokha, zaka zija za chipani chimodzi, pamene chinthu chikangotchedwa chitukuko chinkalandiridwa ndi manja awiri, ufune usafune. Amuna ankakumba, ife amayi tinkatuta dothi m'madengu. Tinalikumba kumutu kwa dambo, pa kasupe, poti ndi pokhapo pamene madzi saphwa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Chitsime chathu chakale chinali kumunsi kwake, pafupi ndithu, moti munthu ali pachitsime ankacheza ndi wa pa damu osakweza mawu. Palibe anachiganizira chitsimecho. Masiku amenewo tonse tinkatunga pa mjigo wa kusukulu ya mishoni, ndipo kuchitsime kunkangopita ochapa ndi othirira nazale za fodya.

Tiana ta makumba tinabwera m'migolo pa lole, pamodzi ndi mlangizi wa za nsomba, bambo wochepa thupi wa jombo zazikulu. Anatikhazika pakhoma la damu n'kuyamba kutiphunzitsa.

"Amayi, madzi oyera ndi abwino kwa inu, koma kwa nsomba ndi njala," anatero. "M'madzi muli tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tachibale ndi ndere mumaziona pamiyala zija. Makumba amadya timeneto. Tikachuluka, madzi amabiriwira. Ndipo timakula ndi zinthu ziwiri basi, dzuwa ndi manyowa."

Anatimangitsa kakhola ka timitengo pangodya ya damu, m'madzi momwemo, koti tizithiramo ndowe, zitosi za nkhuku ndi za m'khola la nkhumba. Kenako anapinda malaya n'kutionetsa kayesedwe ka madzi. Uviike mkono mpaka pachigongono, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Ukachiona bwinobwino, madzi ali ndi njala, wonjezera manyowa. Chikamaoneka mwa apo ndi apo, zili bwino. Koma chikasowa mkono usanafike n'komwe pachigongono, siya kuthira, chifukwa tizomerato tikapyola muyeso timalanda nsomba mpweya, ndipo udzazipeza m'mamawa zili pamwamba zikuyasamula. Mawu omalizawo ndinawamva ndi khutu limodzi.

Anandisankha ine kukhala woyang'anira manyowa pa zifukwa zitatu. Ndinali nditapitako kusukulu, ndinali wapakamwa, komanso tcheyamani wa chipani m'mudzimo anali atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi anga. Musaganize za munthu woopsa. Atsibweni anali munthu wofatsa, woyankhula ngati akupepesa. Utcheyamaniwo unangowagwera poti ena onse anathawa, ndipo ankaopa chipanicho kuposa mmene ife tinkawaopera iwo.

Mkazi wawo anamutenga chitengwa, choncho mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, anakulira khomo loyandikana ndi lathu. Ine ndi iyeyo tinkanyozana kuyambira tili ana, monga amachitira asuweni, ndipo palibe ankakwiya. Nditangoyamba kusenza dengu la ndowe m'mawa uliwonse, anandipatsa dzina.

"Mwadzuka bwanji, adokotala a ndowe? Odwala anu agona bwanji m'madzimo?"

"Agona bwino. Anenepa kuposa amuna ako, poti iwo ali ndi wowaphikira."

Tinkaseka mpaka misozi. Tinachira dzinja limodzi, ine mwana wamkazi, iye wamwamuna, ndipo pa nthawi ndikunenayi ana onsewo anali atangoyamba kuyenda.

Zinthu ziwiri zinachitika sabata imodzi, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Mjigo wa kusukulu unathyoka, ndipo uthenga unabwera woti munthu wamkulu wa chipani wa kuchigawo adzabwera kudzatsegulira damu lathu ndi kudzaona nsomba zoyamba. Za mjigo anakanena ku boma, yankho n'kukhala loti zitsulo zake kulibe, tidikire. Za nsomba lamulo linali limodzi, zinenepe mlendo asanafike. Mlangizi uja anali atasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake sitinamuone.

Ndinayamba kuthira manyowa kawiri pa tsiku. Ndinkalowa m'makola a eni ake ngati kwathu, osaodira n'komwe, poti ndinali pa ntchito ya chitukuko. Madzi anabiriwira, kenako anachita kukhuthala, pamwamba n'kuyala ngati utoto. Ndikaviika mkono, chikhatho chinkasowa madzi atangopitirira pomangira wotchi. Ndinkautulutsa uli wobiriwira n'kuuonetsa anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, amene anaikidwa kuti azilondera damulo. Ndinkanyada, zimenezo sindingabise.

Nthawi yomweyo mudzi wonse unali utabwerera kuchitsime chakale. Madzi ake anali ndi kafungo ka matope, ndipo ukawathira m'ndowa yoyera ankaoneka obiriwira pang'ono. Tinkawasefa ndi chitenje n'kuwasiya mu mtsuko kuti adikhe. Akaoneka oyera, tinkati ayera.

Ana anayamba kutsegula m'mimba, nyumba iyi lero, mawa iyo. Ena ankati ndi mango osapsa, ena ankati ndi mano akumera, ena kutentha. Galu wa anansi athu, amene ankakonda kumwa pa damu, anapezeka atauma m'tchire, anthu n'kuti walumidwa ndi njoka. Wanga anayamba Lachitatu. Pofika Lachisanu maso anali atalowa, liwombo litaphwa, ndipo akalira misozi sinkatuluka. Bere ankaligwira n'kulisiya.

Amuna anga anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ija, mkamwini wochokera cha ku Malomo. Tsiku limenelo sanapite kukalasi. Anandikweza pa njinga, mwana kumbuyo, ulendo wa kuchipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga. Pa zitunda tinkatsika n'kukankha. Ndinali nditatenga botolo la madzi a mu mtsuko, ndipo njira yonse ndinkamudonthezera mwanayo m'kamwa kuti asaume kukhosi.

Amene anatiyesa anali dokotala wothandizira, bambo wachikulire wa imvi m'mbali. Atamuika mwana botolo la madzi pamkono, anaona langa lija likusuzumira m'kachikwama.

"Mayi, madzi awa ndi omwe mukumwetsa mwanayu?"

"Ndi omwewa, adokotala. Ndi osefa."

Analitenga n'kuliimika pawindo, kumbuyo kwake atagwirizira pepala loyera. Pa pepalapo kubiriwira kuja kunaonekera poyera. Anatitengera m'kachipinda kena, ine ndi amuna anga, n'kudonthetsa kadontho kamodzi pa kagalasi, n'kukaika pa makina oonera tizilombo. Atayang'ana kanthawi, anandiuza kuti nditsinzine diso limodzi ndione ndekha.

Ndinaona timikanda tobiriwira, tina tatunga mzere, tina taunjikana, ndi tina topanda mtundu tikuyendayenda pakati pake. Sindinafunse kuti n'chiyani. Ndinatizindikira ngakhale kunali koyamba kutiona. Ndi tomwe ndinkatidyetsa m'mawa ndi madzulo, ndi dengu langa.

"Kumtunda kwa chitsime chanu kuli chiyani?" anafunsa.

"Damu la nsomba."

"Mumathiramo manyowa?"

"Kawiri pa tsiku. Ndimathira ndine."

"Damu la ndani?"

"La chitukuko," anayankha amuna anga.

Dokotalayo anadzuka n'kukatseka chitseko. Atabwerera ankayankhula motsitsa, moti tinachita kuweramira. Anati tobiriwirato tina tilibe vuto, koma tilipo tina timene tikachuluka timatulutsa poizoni woti n'kupha chiweto. Anatinso chachikulu si timeneto ayi. Madzi akabiriwira chonchi ndiye kuti adya zonyansa, ndipo kumene kwadutsa tizomera, tizilombo ta m'ndowe tadutsanso, poti chitenje sichitiletsa.

"Ndili mnyamata ndinagwirako ntchito ku Beira, kunyanja yamchere," anatero. "Kumeneko kuli mitengo yomera m'madzi, mizu yake ili pamtunda ngati miyendo, ndipo amayi amakatola nkhono m'matope a pansi pake. Madzi akangosintha mtundu, amauzana okhaokha kuti sabata ino nkhono ayi, ana angadwale. Amachita kufuulirana kuchokera tsidya ndi tsidya."

Anapukuta kagalasi kaja.

"Wiritsani madzi akumwa, afike pobwadamuka. Pa khadi ndalemba kuti kutsegula m'mimba. Za damu simunandiuze, ndipo ine sindinamve."

Tinakhala m'chipatalamo masiku atatu, mwana n'kuyamba kuyamwa. Pobwerera, tinafika pa chitunda choonekera mudzi wathu. Pamenepo amuna anga anaimika njinga.

"Mayi, ndilemba kalata ku boma. Apo ayi ndiimirira m'tchalitchi Lamulungu, ndiwauze anthu."

"Muwauze chiyani? Kuti damu la chitukuko likudwalitsa ana? Mlendo atatsala masabata awiri?"

"Nanga si zoona?"

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinapsa mtima. Chaka cham'mbuyo mwake, mphunzitsi wina wa sukulu ya kutsidya ananena pa maliro kuti mlatho wa chitukuko unakokoloka chifukwa simenti inachepa. Aliyense ankadziwa kuti inachepadi. Patapita masiku anayi galimoto inamupeza ali m'kalasi, choko kumanja, ndipo tinangomva kuti ali kundende ya ku Dzaleka. Mkazi wake anatulutsidwa m'nyumba ya sukulu, katundu ali pamutu, ndipo ife amene tinkaimba naye kwaya tinayang'ana kumbali pamene ankadutsa. Dzaleka sikunali kutali ndi ife. Tinkadziwa msewu wake, ndipo tinkadziwanso kuti opita kumeneko sauzidwa tsiku lobwerera.

"Inu ndinu mphunzitsi, ndinunso mkamwini," ndinawauza. "M'mudzi muno mulibe wokuikirani kumbuyo. Akakutengani, ine ndi mwanayu tidzaloza kuti? Mukangolemba kalatayo, mundipeza nditamanga katundu wanu ndekha."

Titafika kunyumba ndinatenga mapepala awo olembera makalata n'kukolezera moto wowiritsira madzi oyamba. Amuna anga anaona mapepalawo akupsa. Anali munthu woopa Mulungu ndipo zinawapweteka, koma anandimvera. Ana a m'kalasi mwawo anawaphunzitsa za ubwino wowiritsa madzi, monga zinalembedwera m'buku la zaukhondo, osatchula chitsime kapena damu. Anawo analoweza n'kukhoza mayeso, kenako n'kukamwa pachitsime popita kwawo.

Ine ndinkawiritsa madzi masana, m'khitchini, chitseko chitatsekedwa. Nkhuni zinali zosowa, choncho ndinkasonkhezera zitsononkho ndi mapesi, utsi wake woboola maso. Ndinkatseka chifukwa m'mudzi munthu sachita chinthu chachilendo osafunsidwa. Wina akanafunsa kuti bwanji, ndipo yankho lake linkathera pa damu. Ku damuko ndinkapitabe, poti anyamata aja ankawerenga maulendo anga. Ndinkadzaza dengu ndi dothi n'kuwaza ndowe pang'ono pamwamba. Ndinkadziuza kuti pamenepo ndachitapo kanthu.

Tsiku lachitatu chibwerere kuchipatala, msuweni wanga anakankha chitseko cha khitchini osaodira, monga ankachitira nthawi zonse. Mwana wake anali kumbuyo, mutu utapendekeka, timiyendo tili lende.

"Kodi adokotala a ndowe mwadzitsekera muno mukuphika nyama yobisa?" Anavundukula poto. "Madzi okhaokha? Dzuwa lonseli?"

Ndikukumbuka bwino kuti pakamwa panga panatseguka kuti ndinene. Koma mwamuna wake anali mmodzi wa olondera damu aja, ndipo iye mwini sankasunga mawu. Sikuti anali woipa mtima, koma chimene wamva m'mawa chinkafika kuchitsime dzuwa lisanapendeke, pamodzi ndi dzina la amene wanena. Akanati wamva kwa akazi a aphunzitsi. Anthu akanati akazi a aphunzitsi sangazidziwe okha zimenezi, awauza ndi amuna awo.

"Ndi a tiyi wa aphunzitsi," ndinatero.

"Poto yonseyi? Koma ndiye unakwatiwa ndi mzungu."

"Nanga wako uja amamwa chiyani, si thobwa la eni ake?"

Anaseka, inenso ndinaseka. Ndinamufunsa za mwana, anati wayamba dzana koma ndi mano, am'mwetsa kale mankhwala a zitsamba. Ndinamuuza kuti apite naye kuchipatala asachedwe. Anati adikira bambo ake amalize za mlendo, poti olondera sankaloledwa kuchoka. Ndinatunga madzi owiritsa ozizira a mu mtsuko wanga n'kumumwetsa mwanayo kapu yonse. Anamwa mwaphuma, atagwira dzanja langa ndi manja ake awiri. Kenako mayi ake anamubereka n'kunyamula ndowa, ulendo wa kuchitsime, ine ndikuyang'ana.

Ndinakhala chete masiku asanu ndi atatu. Ndinkawawerenga, chifukwa tsiku lililonse ndinkati mawa ndipeza njira. Amuna anga ndi ine tinkayankhulana za mchere ndi sopo basi. Galimoto ikamveka kumsewu, tonse tinkasiya chimene tikuchita mpaka phokoso lake litazimirira kuseri kwa phiri.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi ndinafika pa damu dzuwa lisanatuluke bwino, ndipo ndinapeza madzi onse ali timilomo tokhatokha. Makumba anali pamwamba, akuyasamula, ndipo m'mbali munali atatu atagadabuka, mimba zili mbee. Mawu a mlangizi amene ndinawamva ndi khutu limodzi aja anabwerera onse. Ndinaonanso kuti madzi atsika, pakhoma patatsala mzere wa matope wotalika ngati chikhatho. Ndinatula dengu pomwepo n'kuthamangira kwa atsibweni.

Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba. Ndinagwada patali pang'ono.

"Atsibweni, nsomba za chitukuko zikufa."

Singano inagwa. "Ukuti bwanji?"

"Zitatu zafa kale, zina zikuyasamula pamwamba. Manyowa achuluka, alangizi ananena kuti zikatero tichotse. Komanso madzi akutsika. Akuthawira pansi, akukatulukira kuchitsime. Amayi akamatunga kuchitsime, akutunga madzi a m'damu. Akapitiriza, mlendo adzapeza matope."

Atsibweni sanapite patali ndi sukulu, koma sanali ogona.

"Madzi a m'damu ndi omwe ali m'chitsime," anatero pang'onopang'ono, ngati akudziuza okha.

"Ndi omwewo."

"Ndiye wabwera chifukwa cha nsomba."

"Chifukwa cha nsomba, atsibweni."

"Mdzukulu wanga kwanuko ali bwanji?"

"Akuchira. Akumwa madzi owiritsa."

"Chiyambire liti?"

Anayang'ana kunyumba ya mwana wawo, kumene thewera linali litayanikidwa pa mpanda, kenako anayang'ana ine. Sanandikalipire. Analowa m'nyumba, anavala jekete yokhala ndi baji ya chipani, n'kutulutsa njinga.

Zimene zinachitika pambuyo pake zimandiwawa mpaka lero. Atsibweni anakanena ku boma kuti nsomba za mlendo zili pangozi chifukwa amayi akutunga madzi a m'damu kudzera kuchitsime. Mjigo umene unakhala wakufa mwezi wathunthu, uja zitsulo zake kunalibe, unakonzedwa pa masiku awiri. Kunabwera lole ndi amisiri anayi. Chitsime anachitchinga ndi minga, ndipo anyamata a malaya ofiira anaima pamenepo kubweza mayi aliyense wobwera ndi ndowa. Kakhola ka manyowa tinakazula tsiku lomwelo, n'kutsegulira madzi atsopano a pa kasupe. Pamsonkhano atsibweni ananena kuti madzi amene ali m'mitsuko atayidwe kapena awiritsidwe, poti ndi madzi a nsomba, si a anthu. Palibe anafunsa funso, ndipo palibe anatengedwa. Nkhani ya nsomba inali yololedwa kuinena mokweza.

Tsiku limene atsibweni anapita ku boma, anayamba alamula mkamwini wawo kuti asiye ulonda, apite ndi mwana kuchipatala pa ngolo. Anafika naye ali moyo. Anamuika botolo la madzi ngati wanga, koma thupi linali litatha kale. Anamwalira tsiku limene mjigo unayamba kutulutsa madzi, ndipo uthenga unatipeza tili pamzere ndi ndowa zathu, tikuseka.

Pa maliro ndinaphika, ndinatunga madzi, ndinakhala m'nyumba ya siwa pafupi ndi msuweni wanga. Anatsamira paphewa langa akulira, ndipo ndinamugwira. Amuna anga anapemphedwa kuwerenga mawu kumanda, koma atafika pakati mawu anawathera, mkulu wa mpingo n'kuwalandira buku. Anthu anati aphunzitsi ndi achifundo.

Mlendo anabwera pa tsiku lake, ndi galimoto zisanu. Tinavala nsalu za chipani, tinaimba, tinavina fumbi lili koboo. Msuweni wanga anali pamzere wakumbuyo, mpango wakuda kumutu, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Kenako akuluakulu a chipani anandiitana ine kuti ndionetse mlendo mmene amayi a kumudzi aphunzirira ulimi wamakono. Ndinagwada pakhoma la damu, ndinapinda dzanja la bulauzi, n'kuviika mkono mpaka pachigongono. Chikhatho chinkaoneka mwa apo ndi apo, monga mwa malamulo ake. Ndinafotokoza za tizomera tosaoneka ndi maso, za dzuwa ndi manyowa. Mlendo anaomba m'manja, anthu onse n'kuomba nawo. Anyamata anakoka ukonde, makumba anatuluka onenepa ndithu, ndipo makumba aakulu anawaika m'dengu n'kuwakweza m'galimoto.

Patapita sabata ndinakumana ndi msuweni wanga pa mjigo, masana, tili awiri okha. Kuyambira pa maliro tinali tisanachezepo. Ndinamupopera madzi, iye atagwira ndowa, ndipo anayankhula maso ali pa ndowayo.

"Abambo andiuza za nsomba."

Ndinasiya kupopa.

"Utsi ndinkauona," anatero. "Tsiku lililonse masana, chitseko chotseka. Ndinkati koma aphunzitsi amakonda tiyi."

"Ndinkaopa," ndinatero. "Akanawatenga aphunzitsi."

"Ndikudziwa. Inenso mwina ndikanaopa." Madzi ankadontha kumpopi. "Ukanangonena kuti wiritsa madzi, osanena chifukwa. Ukanandinamiza kuti ndi mankhwala a mano. Ine ndikanakhulupirira, umandidziwa."

Zimenezo sindinaziganize n'komwe. Bodza ndinali nalo lokonzeka, koma ndinalipangira amuna anga, osati mwana wake. Anandipempha kuti ndimusenzetse ndowa. Ndinamusenzetsa, anathokoza, n'kumapita.

Sindikudziwa ngati mwanayo akanakhala moyo ndikananena tsiku lija m'khitchini. Anali atadwala kale masiku awiri. Ndakhala ndikuwerengera masikuwo zaka zonsezi, ndipo nthawi zina amandikomera, nthawi zina ayi. Amuna anga sanatengedwe. Anaphunzitsa mpaka kupuma ntchito, ndipo anamwalira pa mphasa yawo, ana awo atawazungulira. Chimene ndinkafuna ndinachipeza, ndipo sindinganame kuti ndikanakonda akanapita ku Dzaleka. Koma manyazi a masiku asanu ndi atatu aja sanandichoke.

Damulo linakwiririka kalekale, pano anthu amadzalapo masamba. Msuweni wanga tinakhala naye khomo loyandikana zaka zina makumi atatu. Sanandinenere kwa munthu, sanandimane moto kapena mchere, ndipo ana amene anabereka pambuyo pake ankadya kwathu ngati kwawo. M'mawa uliwonse ankandipatsa moni waulemu, wofunsa za m'nyumba monse, ngati umene timapatsa akazi a abusa. Ndinayesa kangapo kumuputa, kumunena za kuphika kwake, za mwamuna wake, kuti mwina andibwezere. Ankangomwetulira n'kunena kuti zikomo. Mpaka tsiku limene tinamuika m'manda, sananditchulenso adokotala a ndowe.